Kodi n'koyenera kulipira kuti amayi a ku Dedza akaone azungu akukoleza moto?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene akukhala ku Ottawa, m'dziko la Canada. Ndaifupikitsa pang'ono ndipo dzina ndabisa.

"Amayi anga abwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu, akhala nafe mpaka Ogasiti. Tikufuna kupita nawo ku Montreal pa galimoto, ndipo bambo a kunyumba akuti panjira tipatukire ku Upper Canada Village, mudzi umene amati amaonetsako mmene azungu oyamba kudzakhala kuno ankakhalira. Ine mtima ukukana. Amayi akhala akutunga madzi pachitsime ndi kuphika pamafuwa moyo wawo wonse. Ndiye tilipire madola kuti akaone munthu akukoleza moto? Sadzaona ngati tikuwaseka? Nanga ana, wina wa zaka 9 wina wa zaka 6, akapindulako chiyani?"

Achemwali, pitani nawo amayi. Bambo a kunyumba alingalira bwino. Koma nkhawa yanu ndaimva, ndipo ndiyambira pomwepo.

Zilipodi zinthu zimene amayi adzangoziponyera diso n'kudutsa. Mzimayi wovala diresi lofika m'mapazi akusenda mbatata, nkhuku zikupalasa pabwalo, nkhumba m'khola, wina akuchapa pamanja, wina akupalira ndiwo m'dimba. Alendo okulira m'tauni amaima pamenepo n'kumajambula ndi mafoni, kukamwa kuli yasa. Amayi adzaseka, mwinanso adzakunong'onezani kuti mtsikanayo khasu saligwira bwino. Asiyeni aseke. Taganizani: chibwerereni, kulikonse kumene mwawatengera, kaya ku Parliament Hill kumene kuli nyumba ya malamulo, kaya m'masitolo akuluakulu, iwo ndi amene akhala akufotokozeredwa zinthu, ngakhale ndi kamdzukulu ka zaka 6. Kumudzi kumeneku zinthu zidzatembenuka. Ndi iwo adzadziwe chifukwa chake phulusa likusungidwa m'mbiya, ndi iwo adzazindikire kuti ng'ombe iyo yatsala pang'ono kubereka. Munthu wamkulu sanyozeka pamalo pamene iye ndiye wodziwa.

Tsopano ndikonze kanthu kamodzi pa zimene mwauzidwa. Mudziwu suonetsa moyo wa azungu oyambirira enieni. Chaka chimene anasankha kuonetsa ndi 1866, patangotsala chaka chimodzi kuti Canada akhale dziko limene tikulidziwa lero. Oyamba aja anafika m'mbali mwa mtsinje wa St. Lawrence mu 1784. Anali anthu amene anakhala kumbali ya mfumu ya ku Britain pa nkhondo imene America anapezera ufulu, ndipo atagonja anathawira kumpoto, ambiri kuchokera ku New York, ena a iwo ochokera m'mabanja a Chijeremani, ena a ku Scotland. Boma linawagawira malo pochita maere, linawapatsa nkhwangwa, makasu, mbewu ndi chakudya cha zaka zingapo zoyambirira. Thandizolo litatha mbewu zinakanika, ndipo chaka cha 1788 kulowa 1789 chimakumbukiridwa mpaka lero ngati chaka cha njala. Anthu amenewo ankakhala m'tinyumba ta mitengo yosanjikiza, ndipo kumene chigayo chinali kutali ankasinja chimanga m'chitsa cha mtengo chogoba. Ndalama yoyamba ambiri ankaipeza potentha mitengo imene agwetsa, kusungunula phulusa lake n'kuphika madziwo mpaka atsale mchere wake, umene unkatumizidwa ku Britain kukapangira sopo ndi magalasi.

Amene mukawaone inu ndi zidzukulu za anthu amenewo, patapita zaka 80. Nkhalango yagwa, nyumba zina ndi za njerwa ndi miyala, sitima yapamtunda yayamba kale kudutsa pakati pa Montreal ndi Toronto, mudzi uli ndi nyuzipepala yakeyake. Choncho chimene chili pamaso panu ndi mudzi umene ukusintha, mphamvu ya mkono ikuyamba kupatsa malo mphamvu ya madzi ndi ya nthunzi. Pamenepa ndi pamene ndalama yanu yolowera idzabwerere.

Mukangolowa, musathamangire kunyumba zokongola. Yambani ndi mafakitale atatu amene ali pafupi ndi dziwe: opangira nsalu za ubweya, chigayo cha tirigu, ndi kocheka matabwa. Onse ndi akale enieni ndipo amagwira ntchito.

Kocheka matabwa, Beach's Sawmill, madzi ndi amene amayendetsa sowo. Sowoyo ndi wowongoka, amakwera ndi kutsika, ndipo chipika chimasendera chokha pang'onopang'ono kulowa m'mano mwake. Aliyense amene anaonapo anthu awiri akucheka matabwa pamanja, wina pamwamba wina m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso, adzaima pamenepo nthawi yaitali. Ntchito yake ndi yomweyo, kayendedwe ka sowo n'komweko, kungoti msana wa munthu wachotsedwapo. Ku Dedza kuja matabwa si achilendo, ndiye ndikukhulupirira kuti amayi adzakhala ndi mafunso.

Chigayo, Bellamy's, ndi nyumba ya miyala. Tirigu amaperedwa pakati pa miyala ikuluikulu iwiri, wapansi uli duu, wapamwamba ukuzungulira, ndipo pankhope pa miyalayo anasemapo timizere timene timadula njere n'kukankhira ufa kunja. Mwini chigayo anaikamo injini ya nthunzi kuti madzi akachepa m'chilimwe, kapena akaundana m'nyengo yozizira, ntchito isaime. Funsani wogaya mmene mlimi ankalipirira. Nthawi zambiri sinkakhala ndalama: wogaya ankatapa gawo la tirigu yemweyo. Ufa wa m'chigayochi umapita kwa ophika buledi a m'mudzi momwemo, amene amawotcha mu uvuni wa njerwa wa nkhuni. Amasonkha moto m'kati, njerwa zikatentha amapalamo makala onse, kenako n'kulowetsa mikate. Buledi ameneyu amagulitsidwa, ndi wolemera m'manja, ndipo masiku a anthu ambiri amatha msanga.

Kopangira nsalu, Asselstine's, ndi kwa phokoso. Malamba achikopa amatsika kuchokera kudenga kupita ku makina osiyanasiyana, ubweya wa nkhosa umalowa uku uli nyankhalala, umapesedwa, umapotedwa kukhala ulusi, n'kutuluka uko uli bulangete. Makina amodzi amapota ulusi wochuluka nthawi imodzi, ntchito imene mzimayi akanatha nayo nyengo yonse yachisanu ali pampando. Mukatuluka m'menemo pitani kunyumba imene mzimayi akupota ndi kuomba nsalu pamanja, kuti muone ziwirizi motsatizana. Zonse zinalipo pa nthawi imodzi, ndipo banja linkasankha malinga ndi thumba.

Kulinso kopangira tchizi, ndipo nkhani yake ndi ya ulimi. Kwa zaka zambiri alimi a m'chigawo chino cha Ontario ankadalira tirigu yekha ngati mbewu ya ndalama. Nthaka inaguga, tizilombo tinalowa m'minda, ndipo alimi anayamba kutembenukira ku ng'ombe za mkaka. Fakitale yoyamba ya tchizi m'chigawochi inatsegulidwa mu 1864, ndipo posakhalitsa midzi yambiri inali ndi yake, alimi oyandikana akubweretsa mkaka m'mawa uliwonse pa ngolo. Sindikufuna kuphunzitsa munthu wa ku Malawi za kuopsa kodalira mbewu imodzi. Ndingoti amayi akamva nkhaniyi saona yachilendo.

Enawo mudzawaona poyenda: wosula zitsulo ndi mvukuto wake, wokhoma zidebe, mmisiri wa mipando, womanga matsache, wosoka madiresi, wosindikiza nyuzipepala amene amatola chilembo chimodzichimodzi n'kuchiika m'malo mwake chagada. Nyumba zakale zilipo zopitirira 40. Musayese kulowa monse. Anthu ovala zakalewo ndi antchito ophunzitsidwa, amadziwadi ntchito imene akugwira, ndipo amakonda mafunso enieni kuposa kujambulidwa. Amayi akafunsa m'Chichewa inu tanthauzirani, musachite manyazi. Funso la munthu amene anawetapo nkhumba limasiyana ndi la munthu amene anangoiona pa TV, ndipo woyankhayo amazindikira msanga.

Chinthu chimene amayi sangachidziwe kuchokera ku Dedza, ngakhale kumazizira chotani mu Juni, ndi chisanu cha kuno. Mukupita m'chilimwe, udzu uli biriwiri, ndiye n'kosavuta kuiwala. Koma moyo wonse wa mudziwu unamangidwa poopa miyezi imene nthaka imauma gwa ngati mwala ndipo palibe chomera. Kulima kumayamba mu Meyi, pofika Okutobala zonse zikhale zili m'nyumba. Afunseni akuonetseni chipinda chapansi chosungira mbatata, kaloti ndi maapozi, migolo ya nyama yothira mchere, udzu wouma wa ng'ombe wodzaza mpaka kudenga, ndi mulu wa nkhuni umene banja limodzi linkafunika. Kwathu njala imabwera mvula ili mkati, chimanga chili m'munda chisanache. Kuno inkabwera chipale chikusungunuka, cha mu Malichi ndi Epulo. Mwezi wosiyana, koma kuwerengera kwa mzimayi woyang'ana m'nkhokwe n'kumodzi.

Kunyumba ya dokotala imani pang'ono. Mu 1866 madokotala ambiri anali asanavomereze kuti matenda amayamba ndi tizilombo tosaoneka, ndipo zida zimene mudzaone patebulo zidzakuchititsani nthumanzi. Mwina simukudziwa kuti malungo analiko ku Ontario. Ngalande ya Rideau, imene mumaiona tsiku ndi tsiku ku Ottawa, inakumbidwa kuyambira 1826 mpaka 1832, ndipo anthu mazanamazana ogwira ntchitoyo anafa ndi malungo m'madambo. Ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'zithaphwi. Zoti ndi udzudzu zinatsimikizika mu 1897. Uzani amayi zimenezi, muone nkhope yawo.

Tsopano nkhani imene ine ndimaiona yaikulu, imene alendo ambiri amabwerera kwawo osaimva. Mudzi umenewu sunakhalepo. Palibe anabadwiramo. Unatsegulidwa mu 1961, ndipo nyumba zake anachita kuzitola m'malo osiyanasiyana, zambiri kuchokera kumidzi imene lero ili pansi pa madzi.

M'zaka za m'ma 1950, Canada ndi America anagwirizana zokuza njira ya sitima zikuluzikulu mu mtsinje wa St. Lawrence ndi kumanga damu la magetsi la Moses-Saunders pafupi ndi Cornwall. Kuti zimenezi zitheke, midzi 10 ya kumbali ya Canada inayenera kumira: Aultsville, Farran's Point, Dickinson's Landing, Wales, Moulinette, Mille Roches ndi ina ing'onoing'ono. Tauni ya Iroquois inasamutsidwa yonse, Morrisburg mbali imodzi. Anthu pafupifupi 6,500 anachotsedwa pamalo awo. Nyumba zopitirira 500 zinanyamulidwa zathunthu ndi makina n'kukaikidwa m'malo ena, kuphatikizapo matauni atsopano awiri, Ingleside ndi Long Sault. Zotsala zinagwetsedwa kapena kutenthedwa, ndipo zina za ku Aultsville akatswiri a boma anazitentha dala pofufuza mmene moto umafalira m'nyumba. Pa 1 Julaye 1958, tsiku la chikondwerero cha dziko, anaphulitsa khoma lotchinga madzi, ndipo m'masiku ochepa minda imene mabanja ena analima kuyambira 1784 inali nyanja. Tchalitchi choyera cha Christ Church chimene mudzaone m'mudzimo chinachokera ku Moulinette. Ngakhale malo amene panachitikira nkhondo ya Crysler's Farm mu Novembala 1813, pamene asilikali a Britain ndi a kuno anabweza a America, mbali yake yaikulu inamira, ndipo chipilala chake anachisunthira pachitunda chili pafupi ndi mudziwu.

Amayi adzafunsa za manda, ndikudziwa. Mabanja ena anafukula abale awo n'kukawaika kumanda atsopano. Ambiri anasiyidwa pomwepo, pamwamba n'kuthirapo miyala kuti madzi asawakokolole. Miyala ya pamanda ina anaitenga n'kuimangirira m'makoma a chikumbutso chimene chili panja pa mudziwu, makoma omangidwa ndi njerwa ndi miyala ya nyumba zogwetsedwa zija. Pitaniko. Sipatenga nthawi, ndipo alendo ambiri sapitako.

Owerenga a ku Zambia ndi Zimbabwe aona kale kumene nkhaniyi ikulowera. Chaka chomwecho cha 1958, mu Disembala, khoma la Kariba linatsekedwa ndipo madzi a Zambezi anayamba kukwera. Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe anasamutsidwa, ambiri kupita kumalo ouma, a nthaka yosabereka. Amene anakana ku Chisamu anaomberedwa ndi apolisi mu Sepitembala chaka chimenecho, ndipo anthu osachepera 8 anafa. Dziko lapansi linamva zambiri za nyama pafupifupi 6,000 zimene zinapulumutsidwa pa Operation Noah kuposa za anthuwo. Nyasaland nthawi imeneyo inali m'chitaganya chimodzi ndi maiko awiriwa, ndiye si nkhani ya kutali. Anthu a ku St. Lawrence analira, ndipo ambiri ankati chipukuta misozi chinali chochepa. Komabe anapatsidwa matauni a mipopi ndi magetsi, ndipo zina mwa nyumba za makolo awo zinasungidwa kuti ife tizilipira pokaziona. Ine ndikayenda m'misewu ya mudziwu, kusiyana kumeneku sikundichoka m'mutu.

Palinso anthu amene mudzi wotere umawaonetsa mochepa. Malo amene anagawidwa pa maere mu 1784 sanali opanda eni. A Mohawk a ku Akwesasne akadali pomwepo, pafupi ndi Cornwall, m'zilumba ndi mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo malire a Canada ndi America anadutsa pakati pa dziko lawo. Damu lija linawamizira malo ndi kuwaonongera usodzi, ndipo kampani ya magetsi ya Ontario inadzapepesa mu 2008, patapita zaka 50. Chimanga, nyemba ndi maungu zimene mudzaone m'madimba, anthu a mitundu imeneyi ankazidzala pamodzi m'munda umodzi azungu asanafike, monga amayi amachitira ku Dedza. Komanso ena mwa othawa ku America aja anabwera ndi akapolo achikuda. Lamulo la 1793 linaletsa kubweretsa akapolo atsopano ku Upper Canada, lomwe ndi dzina lakale la dera lino la Ontario, koma silinamasule amene analipo kale, ndipo ukapolo unatheratu mu 1834. John Baker, amene anabadwira mu ukapolo n'kudzakhala msilikali wa Britain, anamwalira ku Cornwall mu 1871. Ndiye kuti m'chaka chimene mudziwu ukuonetsa, iye anali moyo, mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto ya lero. Malo ambiri otere ayamba kukonza kafotokozedwe kawo, moti wa ku Toronto, umene unkatchedwa Black Creek Pioneer Village, unasintha dzina mu 2024 kukhala The Village at Black Creek. Funsani antchitowo za anthu amenewa. Funso laulemu silikhumudwitsa munthu, ndipo ana anu, amene akukula ali akuda m'dziko lino, ayenera kumva kuti anthu ofanana nawo analipo kuyambira pachiyambi.

Za anawo musade nkhawa. Kuli ngolo yokokedwa ndi mahatchi, kuli bwato limene hatchi imakoka ikuyenda m'mbali mwa ngalande, kuli kasitima kakang'ono, ana a nkhosa ndi a ng'ombe. Kusukulu ya chipinda chimodzi adzakhala pabenchi, sileti m'manja, mphunzitsi wa nkhope yolimba ali kutsogolo. Wa zaka 9 mupatseni ntchito: atsatire njere ya tirigu kuchokera m'munda, kuchigayo, ku uvuni, mpaka m'kamwa mwake. Wa zaka 6 mungomusiya agwire dzanja la agogo. Chimene ndingakuchenjezeni ndi chimodzi. Mwana angathe kunena mosalakwa kuti, "Agogo, ndiye kuti kwanu mukadali mu 1866?" Musamukalipire, ndipo musayankhe inu. Agogo ali ndi foni m'thumba, amalandira ndalama pa foni yomweyo, mwina padenga pali sola, komanso amaphika pa nkhuni. Adzamuyankha bwino kuposa inu ndi ine.

Za kayendedwe. Mudziwu uli kum'mawa pang'ono kwa Morrisburg, pafupi ndi msewu waukulu wa 401. Kuchokera ku Ottawa ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Montreal konzekerani maola awiri, poganizira kuchuluka kwa magalimoto polowa mumzinda. Ndi njira yozungulira poyerekeza ndi yolunjika, choncho tsikulo likhale la mudziwu, Montreal mukafike madzulo. Nyengo yake yeniyeni ndi kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Zimene amachita mu Okutobala ndi Disembala ndi zionetsero za magetsi usiku, zokongola ndithu, koma si zimene mukufuna inu. Masiku otsegula ndi mitengo zimasintha chaka ndi chaka, ndiye onani pa intaneti musananyamuke. Fikani m'mawa, patulani maola anayi. Misewu ndi yafumbi, kuyenda n'kwambiri ndipo dzuwa la Julaye limawotcha, choncho amayi avale nsapato zofewa, atenge chipewa kapena ambulera, ndipo miyendo ikatopa akwere ngolo ija. Chakudya chimapezeka ku Willard's Hotel m'mudzi momwemo, koma ngati amayi sanazolowere zakudya za kuno, kamba wa kunyumba sangalakwike.

Nthawi ikatsala, popita kum'mawa siyani 401 mudzere Long Sault Parkway. Ndi msewu wolumikiza zilumba 11, ndipo zilumbazo ndi nsonga za zitunda za minda yomira ija. Pena mudzaona tala wa msewu wakale akutsetserekera m'madzi. Pafupi ndi Long Sault palinso Lost Villages Museum, malo aang'ono osungirako mbiri oyendetsedwa ndi anthu a m'deralo, ena a iwo ochokera m'mabanja osamutsidwa aja.

Chomaliza, ndipo ichi bambo a kunyumba amve bwino poti ndi iwo ali pachiwongolero. Tsidya lina la mtsinje limene mudzaone muli m'mudzimo ndi chigawo cha New York, m'dziko la America. Ku Cornwall kuli mlatho wopita kumeneko, ndipo viza ya amayi ya ku Canada sigwira ntchito tsidya ilo. Mukawolokera molakwitsa mudzataya maola ambiri mukufotokoza kwa a zolowa ndi kutuluka a maiko onse awiri. Mukaona chikwangwani cholozera ku USA, pitirirani molunjika, ndipo mapasipoti a aliyense akhale m'chikwama ngakhale simukufuna kutuluka m'dziko.